Sitandi yathu ya ku Chichiri: pansi tiyale chiyani, tiwunikire ndi chiyani?

Funso

Ndife gulu la amayi a ku Mzuzu. Timagulitsa uchi wa m'mabotolo, khofi wokazinga komanso zikwama zosoka ndi zitenje. Chaka chino, koyamba, tapeza malo pa chionetsero cha zamalonda cha ku Chichiri mu mzinda wa Blantyre. Sitandi yake ndi ya mamita 3 m'litali ndi 3 m'lifupi, m'kati mwa holo. Titalipira malowo n'kupatula ya thiransipoti ndi yogonera, ndalama yatsala yochepa. Anzanga akuti tigule kapeti yofiira ndi tinyali tothwanima tija ta pa Khrisimasi kuti anthu atione msanga. Ine mtima ukukana. Kodi pansi tiyale chiyani, ndipo tiwunikire ndi magetsi otani?

Yankho

Zikomo mayi chifukwa cha funsoli, ndipo mtima wanuwo ukukuuzani zoona. Ntchito yomanga ndi kukongoletsa masitandi ndayigwira nthawi yaitali, choncho ndiyankha mosapita m'mbali: pa ndalama yatsalayo, yambiri ipite ku magetsi. Pansi pangofunika pakhale paukhondo, posaterera, popanda chopunthwitsa munthu. Chimene chimaimitsa munthu wongodutsa kuti atembenuke n'kubwera pa tebulo lanu ndi kuwala kogwera pa katundu. Ndaonapo masitandi oyalidwa kapeti yodula koma katundu ali mu mdima, anthu akungodutsa osacheuka. Ndaonaponso sitandi ya simenti yosesedwa bwino, mabotolo akuwala pa shelefu, anthu atadzaza mpaka kutsekereza njira.

Koma musanatulutse ngakhale kwacha imodzi, lankhulani ndi a MCCCI, bungwe la amalonda ndi mafakitale m'Malawi limene limakonza chionetserochi, kapena munthu amene anakugulitsani malowo. Malo a ku Chichiri si ofanana onse. Kuli maholo, kuli nyumba zokhazikika za makampani, kulinso oika matenti panja, ndipo chimene mnzanu anapeza chaka chatha mwina si chimene mudzapeze inu. Afunseni ngati sitandiyo imabwera ndi makoma ake, ngati pansi amayala kanthu kapena ndi simenti yokha, kuti soketi ndi zingati ndipo mukuloledwa kukoka ma watt angati, ngati pali nyali zimene amaika okha, ngati jenereta imafika m'masitandi magetsi a ESCOM akazima, komanso tsiku limene adzakuloleni kulowa kuti muyambe kumanga. Mayankhowo akutumizireni pa WhatsApp kapena pa imelo, kuti tsiku lomanga musadzakangane ndi munthu pa zimene munangomva pakamwa. Kawirikawiri anthu amagula kapeti n'kukapeza kuti ina yayalidwa kale, kapena amanyamula nyali zopachika pa khoma n'kukapeza kuti khomalo kulibe.

Tiyambe ndi pansi, popeza ndi pamene anzanu aika mtima.

Kapeti yofiira ili ndi malo ake, pa ukwati kapena polandira alendo olemekezeka. Mu sitandi yanu idzakuvutitsani pawiri. Poyamba, kuwala kukagunda pansi pofiira kumabwerera m'mwamba kutatenga kufiirako, ndiye makoma oyera, malebulo a mabotolo ndi nkhope zanu zonse zimasanduka zofiirira. Chachiwiri, inu mukugulitsa zitenje, zomwe zili kale ndi mitundu yolimba. Chikwama cha buluu ndi chikasu chikakhala pamwamba pa kufiira, maso a munthu amasowa pogwira. Pansi pazikhala phee kuti chitenje chilankhule. Yakuda nayonso ndimaikana: imameza kuwala kumene mwagula ndi ndalama zanu, ndipo phazi lililonse la fumbi limaonekera. Yoyera kapena ya kirimu imatha ntchito tsiku loyamba lisanafike masana. Mtundu umene umapirira ndi wotuwa wapakatikati kapena wofanana ndi mchenga, makamaka wokhala ndi timadonthomadontho, chifukwa fumbi limabisala m'menemo.

Komabe kwa inu sindikulangiza kapeti ya ubweya n'komwe, ndipo chifukwa chake ndi uchi. Ndikudziwa kuti mudzalawitsa anthu, ndipo muyenera kutero, pakuti uchi umagulitsidwa ndi lilime. Kasupuni kakamachoka m'botolo kupita pakamwa pa kasitomala, dontho limagwa. Wina amalipondapo, n'kulipaka pena. Pa kapeti ya ubweya dontholo limalowa m'kati, fumbi limamatirira, ndipo pofika tsiku lachitatu kutsogolo kwa tebulo kumakhala mawanga akuda onata amene nsanza singachotse. Usiku holo ikatsekedwa nyerere zimapeza njira, masana njuchi nazo zimayamba kuzungulira. Khofi akatayika ndi chimodzimodzi. N'chifukwa chake ndikuti gulani kapeti ya pulasitiki ija yoyala m'nyumba, imene amadula pa mita m'mashopu a hadiweya. Mukapukuta ndi nsanza yonyowa, yayera. Sankhani yooneka ngati matabwa otuwirako kapena yopanda maluwa, ndipo ikhale yosanyezimira, yokhakhala pang'ono mukaisisita ndi chala. Yonyezimira ija imaterera, ndipo nyengo ya chionetserochi ku Blantyre kumakhala kutayamba kuzizira, chiperoni chikhoza kugwa tsiku lililonse, anthu n'kumalowa ndi nsapato zonyowa. Pewaninso yopyapyala kwambiri ija yong'ambika mukangokokapo mpando. Ipindeni pakona muli m'shopu momwemo: ikasiya mzere woyera, isiyeni.

Kapeti yotereyi nthawi zambiri imabwera ya mamita 2 m'lifupi. Ndiye kuti pa sitandi ya 3 kwa 3 mufunika mamita 6 m'litali, odulidwa pawiri. Chidutswa chimodzi chathunthu chikhale kutsogolo kumene anthu amaponda, china muchidule kuti chikwane mita yotsala kumbuyo, msoko ugwere pansi pa tebulo kapena shelefu. Chotsalacho musataye, chidzakuthandizani pena pakang'ambika. Muigulire ku Blantyre komweko, ku Limbe mashopu ake ndi ambiri. Mpukutu wa mamita 2 pa basi yochokera ku Mzuzu umafika utapindika, ndipo pulasitiki ikapindika m'nyengo yozizira imasweka pamzerepo. Mukaigula, itambasuleni padzuwa kanthawi kuti ifewe, kenako igone pamalo pake usiku umodzi isanamatidwe.

Pomata pali kanzeru kamene kamapulumutsa anthu ku chindapusa. Tepi yomata mbali zonse ikamatidwa pa simenti kapena pa matailosi a holo, imasiya guluu wovuta kuchotsa, ndipo eni malo ambiri amalipiritsa. Yambani mwamata pansi tepi ya pepala ija ya opaka penti, kenako yomata mbali zonse ibwere pamwamba pake. Tsiku lochoka zonse zimatukuka limodzi. M'mphepete mwa kutsogolo, polowera anthu, ndi pamene pamafunika chidwi chenicheni, chifukwa pakatukuka pang'ono nsonga ya nsapato imakola. Kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kotsekera m'mphepete mwa kapeti n'kotchipa, koma ngati sikapezeka, matani tepi yolimba yotambalala mzere wonsewo ndipo muziiyendera m'mawa uliwonse.

Kwa owerenga ena amene sagulitsa zodontha, monga a mabuku, a inshuwalansi kapena a zamakompyuta, matailosi a kapeti ndi abwino kuposa mpukutu. Amakhala a masentimita 50 mbali zonse, choncho 36 amakwana sitandi ya 3 kwa 3. Gulani 40. Akutsogolo akada mumawasinthanitsa ndi akumbuyo, amalowa m'katoni, ndipo amagwira ntchito zaka zingapo. Kapeti yopyapyala ya pa zionetsero ija, yokhuthala mamilimita awiri kapena atatu, inapangidwira kuyalidwa kamodzi n'kutayidwa, ndiye musaiyembekezere kuti idzakutumikirani chaka chamawa.

Pali nkhani ya miyendo imene ongoyamba kumene saiganizira. Kuima pa simenti kuyambira m'mawa mpaka madzulo, sabata yathunthu, kumapweteka zidendene, mawondo ndi msana. Munthu wotopa amakhala pansi, amayamba kuyang'ana foni, ndipo kasitomala akaona wogulitsa atakhala chogwetsa nkhope amapitirira. Gulani timatailosi ta siponji tolumikizana tija timene ana amasewerera, tinayi kapena tisanu ndi kamodzi, muyale kuseri kwa tebulo kokha kumene inu mumaima. Kumene kumadutsa makasitomala musayaleko, chifukwa nsapato za gogoda zimaboola siponji ndipo miyendo ya shelefu imamira n'kuyamba kugwedera.

Ndikudziwa kuti wina pa gulupo anena za mphasa kapena mkeka, ndipo ine ndimazikonda kwambiri mu sitandi ya katundu wa kwathu kuno. Zimagwirizana ndi uchi ndi khofi kuposa chilichonse chogula m'shopu. Koma zisakhale popondapo anthu. M'mphepete mwa mkeka mumapindikira m'mwamba, bango la mphasa limasweka likapondedwa ndi nsapato zambiri ndipo limakola. Pachikani mphasa pa khoma la kumbuyo kuti zikwama zikolekedwe pamenepo, kapena yalani mkeka pansi pa madengu pakona. Ingokumbukirani kuti ndi zouma zogwira moto msanga, choncho zitalikirane ndi babu yotentha ndi polumikizira mawaya.

Mudzaona makampani akuluakulu atakweza pansi ndi matabwa, sitandi yonse ili pa kansanja. Musasirire. Iwo amatero kuti abise mawaya ambiri ndi mapaipi, kapena chifukwa pamalopo m'posalingana. Kansanja ka masentimita 10 kamafuna potsetsereka kuti wa njinga ya aulumali kapena wa ndodo alowe, ndipo muyeso wovomerezeka ndi wakuti pa sentimita iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 otsetsereka. Ndiye kuti masentimita 120 a sitandi yanu ya mamita 3 apita. Kuwonjezera apo, sitepe ngakhale yaing'ono imachititsa munthu kuima kunja n'kumasuzumira m'malo molowa. Okhawo amene ndimawauza kuti akweze pansi ndi a matenti a panja, pa udzu kapena pa dothi: pepala la pulasitiki pansi, mapaleti pamwamba pake, kenako pulayi yokhuthala mamilimita 18 yokhomedwa ndi masikuluwu, kuti mvula kapena mame zisanyowetse makatoni.

Tsopano ku magetsi, kumene ndikufuna mukhalitse.

Nyali za holo zili kutali kudenga, ndipo ntchito yake ndi yoti anthu aone poyenda basi. Zimawalira aliyense mofanana, ndipo makoma a sitandi yanu amatchinga gawo lina, kotero mashelefu a m'munsi amakhala mu mthunzi. Diso la munthu limathamangira pamene pawala kuposa pozungulira. Odziwa za kuunikira amati chinthu chiwale pafupifupi katatu kuposa malo ochizungulira kuti diso lichisankhe. Tinyali ta Khrisimasi sitingachite zimenezi. Timawala tokha, koma kuwala kwake sikufika pa botolo. Munthu amaona kuthwanimako, osaona chimene mukugulitsa, ndipo amene waima pafupi kuti awerenge lebulo maso amatopa msanga. Tisiyeni kunyumba.

Pogula mababu, gulani a LED okhaokha. Mababu akale a halogen amatentha koopsa. Akayang'ana shelefu ya uchi tsiku lonse, mabotolo amafunda, malebulo amayamba kumatuka m'makona, ndipo inu mu kachipinda ka makoma atatu mumakhala thukuta kamukamu. Amadyanso magetsi ochuluka: babu ya halogen ya ma watt 50 imawala mofanana ndi ya LED ya ma watt 5 kapena 6.

Pa katoni ya babu pali manambala atatu oti muwerenge, ndipo ogulitsa ambiri adzangokuuzani za ma watt, omwe amangonena magetsi amene babuyo imadya. Nambala yoyamba ndi ya ma lumen, yomwe ndiyo kuchuluka kwa kuwala. Babu yabwino ya LED ya ma watt 10 imatulutsa ma lumen 800 mpaka 1000. Pa sitandi yanu ya masikweya mita 9, ine ndingafune ma lumen apakati pa 5000 ndi 7000 onse pamodzi, kutanthauza nyali 6 kapena 8 za ma watt 10. Nyali zing'onozing'ono zingapo zimaposa chinyali chimodzi chachikulu cha panja chija, chimene chimathobwa m'maso n'kusiya mithunzi yakuda bii kuseri kwa chinthu chilichonse.

Nambala yachiwiri imathera ndi chilembo K, ndipo imanena mtundu wa kuwalako. 2700K kapena 3000K ndi kuwala kofiirira ngati kwa dzuwa la madzulo. 4000K ndi koyera kwapakatikati. 6500K ndi koyera kopita ku buluu, ndipo mababu ambiri otchipa amene adzaza m'mashopu mwathu ndi amenewa. Tengani botolo la uchi wanu mukaliike pansi pa babu ya 6500K, mudzaona lokha: uchi umaoneka wotuwa, wozizira, ngati wathiridwa madzi. Khofi wokazinga amaoneka ngati wapserera. Botolo lomwelo pansi pa 3000K limasanduka lagolide. Zitenje zokha zimafuna 4000K, chifukwa kuwala kofiirira kumafooketsa buluu ndi gilini, ndipo mayi amene wagula chikwama akuganiza kuti n'chamtundu wina akatuluka panja n'kuona china, amabwerera. Nthawi zambiri ndimaletsa kusakaniza mitundu ya kuwala mu sitandi imodzi chifukwa imaoneka ngati yotoleratolera. Kwa inu ndilola motere: nyali zonse za m'mwamba zikhale 4000K, ndipo 3000K ikhale m'kati mwa shelefu ya uchi ndi khofi mokha, pa khoma lakelake.

Nambala yachitatu imalembedwa CRI kapena Ra, ndipo imasonyeza mmene babuyo imaonetsera mitundu ya zinthu molondola, pa muyeso wofika 100. Mababu wamba amakhala pa 80. Pa nsalu funani ya 90 kapena kuposa. Kusiyana kwake kumaonekera kwambiri pa zofiira: pansi pa babu yotsika, kufiira kwa chitenje kumaoneka ngati njerwa. Ngati pa katoni sanalembe nambalayi, nyamulani chikwama chimodzi popita kukagula, apempheni ayatse babuyo, muchiyang'ane, kenako mutuluke nacho pakhomo muchione padzuwa. Maso anu adzagamula.

Chinthu chimodzi chimene ndikukupemphani kuti musachisiye, ngakhale mutachepetsa zina zonse, ndi kuunikira uchi kuchokera kumbuyo. Uchi umalola kuwala kudutsa. Gulani lamba wa LED wa 3000K, uja wobwera pa mpukutu wa mamita 5 wokhala ndi guluu kumbuyo ndi kabokosi kake kotsitsa magetsi kufika pa ma volt 12. Mmateni m'mphepete mwa kumbuyo kwa shelefu iliyonse, kuseri kwa mabotolo, ndipo kalipentala akhome kathabwa kakang'ono kobisa timababu take kuti maso asationere mwachindunji. Siyani mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pakati pa lambayo ndi mabotolo. Mukayatsa, botolo lililonse limayaka lokha, la uchi woyererako mosiyana ndi la wakuda, ndipo munthu ali patali pakati pa holo amaona mzere wa golide. Ikani mabotolo mzere umodzi kapena iwiri yokha, chifukwa mukawasanjikiza ambiri kuwala kumathera m'njira. Otsalawo akhale m'makatoni pansi pa tebulo. Khofi, popeza saonekera m'kati, muunikireni kuchokera pamwamba: lamba yemweyo mmateni kunsi kwa shelefu ya pamwamba pake, chakutsogolo, kuti kuwala kugwere pa lebulo.

Za poika nyali za m'mwamba. Makoma a masitandi okonzedwa kale nthawi zambiri amatalika pafupifupi mamita awiri ndi theka. Nyali zoyenera ndi zija zokhala ndi mkono, zopanira pamwamba pa khoma, mkonowo n'kutulukira m'kati masentimita 30 mpaka 50 kuti nyaliyo iyang'ane khoma lomwelo. Ipendekeni pang'ono, pafupifupi madigiri 30 kuchoka poloza pansi penipeni. Ikaloza pansi kwambiri, shelefu ya pamwamba imaphimba za m'munsi. Ikagona kwambiri, kasitomala akaima patsogolo pa katundu mthunzi wake womwe umagwera pa chimene akufuna kuona. Ndingagawe motere: ziwiri pa khoma la zikwama, ziwiri pa khoma la kumbuyo pamene pali dzina la gulu lanu, imodzi yothandizira ku shelefu ya uchi, ndipo imodzi kapena ziwiri zipanidwe kuseri kwa chikwangwani cha kutsogolo, zoyang'ana m'kati, kuti ziwalire tebulo ndi nkhope za ogulitsa. Zomalizazi anthu amaziiwala, ndiye khoma limawala koma mayi woima patsogolo pake amangooneka chithunzithunzi chakuda. Anthu amagula kwa munthu amene akumuona nkhope. Mukamaliza kupachika, tulukani mu sitandi, muyende m'njira kuchokera kumanja ndi kumanzere monga mlendo. Nyali iliyonse imene yakulasani m'maso itembenuzeni.

Ngati simunasindikize kale chikwangwani kapena bana, auzeni osindikiza kuti ikhale yosanyezimira. Yonyezimira imabweza kuwala pamalo amodzi, ndipo kawirikawiri malowo amakhala pamene pali nambala yanu ya foni. Yesaninso babu iliyonse ndi kamera ya foni: jambulani kavidiyo, ndipo mukaona mizere yakuda ikuyenda pa sikirini, babuyo ikuphethira. Maso sangaone, koma zithunzi zimene alendo adzaike pa Facebook zidzatuluka ndi mizereyo.

Nkhani ya mawaya ndiyo imandidetsa nkhawa kuposa zonse, chifukwa apa pali moyo wa anthu. Magetsi athu ndi a ma volt 230, ndipo pulagi ya mano atatu yokhala ndi fyuzi ya ma amp 13 imanyamula pafupifupi ma watt 3000. Nyali zanu zonse pamodzi ndi lamba sizidzapitirira ma watt 150, choncho mbali imeneyo palibe vuto. Vuto limabwera ndi ketulo. Ketulo imodzi imakoka ma watt 2000 kapena kuposa, ndipo mzere wa masitandi angapo umatha kukhala pa switchi imodzi. Mukaiyatsa kuti mufulule khofi wolawitsa, mukhoza kuzimitsa magetsi a anzanu onse. Funsani kaye, ndipo akakana, wiritsani madzi kumene mukugona mubwere nawo m'mafulasiki. Ekisitenshoni ikhale yolimba, ya waya wonenepa, ndipo ngati ili yokulunga pa gudumu itambasuleni yonse chifukwa waya wokulungika amatentha. Mawaya ayende pamwamba pa makoma atamangidwa ndi timalamba ta pulasitiki, n'kutsikira pakona ya kumbuyo. Asadutse pansi pa kapeti pamene anthu amaponda, makamaka polumikizira. Zopotokola mawaya awiri n'kukulunga tepi, kapena kulowetsa mawaya opanda pulagi mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi, musalole aliyense achite mu sitandi yanu. Muli nsalu, makatoni ndi mphasa m'menemo, ndipo mafelemu a makoma ambiri ndi achitsulo. Lipirani wamagetsi wodziwa ntchito alumikize zonse, ndi ndalama yochepa poyerekeza ndi zimene akuteteza.

Magetsi akazima holo yonse imagwa mdima, ndipo ngakhale jenereta ilipo pamadutsa kanthawi isanayake. Apa LED imakuthandizaninso. Batire ya sola ya ma volt 12 ndi 100Ah imasunga ma watt-hour 1200 (watt-hour imodzi ndi magetsi oyatsa watt imodzi kwa ola limodzi), ndipo ya mtundu wakale wa asidi uja simuyenera kuitsitsa kupyola theka, ndiye muli ndi 600. Nyali za ma watt 80 zikhoza kuyaka maola pafupifupi 6 kudzera pa inveta yaing'ono. Mwina wina pa gulu lanu ali nazo kale kunyumba, ndiye n'kungobwereka. Ngati kunyamula zonsezi n'kovuta, lumikizani lamba wa pa shelefu ya uchi yekha ku batire yaing'ono, popeza iye ndi wa ma volt 12 kale ndipo safuna inveta. Batireyo ikhale m'bokosi lopita mpweya, mitu yake itaphimbidwa kuti chitsulo chisagwerepo, ndipo muwadziwitse okonza chionetsero kuti muli nayo.

Zonsezi muziyesere ku Mzuzu musananyamuke. Jambulani ndi choko bwalo la mamita 3 kwa 3 pa simenti, imikani tebulo ndi mashelefu momwe adzakhalire, yatsani nyali madzulo, muitane munthu amene sanaonepo katundu wanu. Mufunseni chimene waona poyamba. Akatchula uchi kapena chikwama, zili bwino. Akatchula nyali, ndiye kuti ikumuwalira m'maso. Pamenepo mudzadziwanso ngati waya akufika pakona, ndi ngati zopanira zikugwira thabwa lokhuthala ngati khoma la sitandi. Tsiku lomanga ku Chichiri aliyense amakhala ali pa liwiro, makwerero ndi osowa, ndipo kuthamangira ku Limbe kukafuna pulagi imodzi kumadya theka la tsiku. M'chikwama cha zida mukhale mababu awiri apadera a mtundu womwewo, mafyuzi, sikuludiraiva, mpeni wodulira kapeti, tepi zonse ziwiri, timalamba ta mawaya, tsache, nsanza ndi kabeseni. Pomanga yambani ndi za m'mwamba, mawaya ndi nyali, pansi pakadali simenti, kuti makwerero asaboole kapeti. Kenako sesani bwinobwino, chifukwa kamwala kotsalira pansi pa pulasitiki kamatulukira pamwamba anthu akapondapo. Mukayala, phimbani ndi makatoni mpaka mashelefu atalowa.

Mukagula mwanzeru, zinthuzi zidzakutumikiraninso pa chionetsero cha zaulimi chomwe chimachitikira pa Chichiri pomwepo, kapena ku BICC, malo ochitira misonkhano ikuluikulu ku Lilongwe. Tsiku lina mukadzapita kunja, monga ku Ndola, ku Bulawayo kapena ku Johannesburg, mababu omwewa adzayaka chifukwa mphamvu ya magetsi ndi yofanana, koma funsiranitu za soketi. Ku South Africa ndi za mano obulungira, ndiye mudzafuna adaputa, ndipo maholo akuluakulu a kumeneko amatha kufuna chikalata chosonyeza kuti zoyala pansi ndi nsalu zanu sizigwira moto msanga.

Pochotsa, kapeti ya pulasitikiyo ipukuteni iume, muikulunge pa paipi ya PVC mbali yokongola ili kunja, osaipinda ngati nsalu. Nyali iliyonse ibwerere m'katoni yake, ndipo lembani pa katonipo ndi cholembera kuti 3000K kapena 4000K ndi khoma limene inali, kuti amene adzapite chaka chamawa, ngakhale atakhala mayi wina wa pa gulupo, asadzayambirenso kuyesa.